Tikiti ya rugby league ndi ya mpira wamiyendo ku England: ndalama yanu ikugula chiyani?

Ku Hull, ku Wigan ndi ku Huddersfield kuli mabwalo omwe matimu awiri a masewero osiyana akhala akubwerekana kwa zaka zambiri. Pa MKM Stadium pamasewera Hull City ya mpira wamiyendo komanso Hull FC ya rugby league. Wigan Athletic ndi Wigan Warriors zinalowa m'bwalo limodzi mu 1999, ndipo Huddersfield Town ndi Huddersfield Giants zinayamba kugawana bwalo mu 1994. Mpando ndi womwewo, basi yokafika kubwaloko ndi yomweyo. M'matauni otere, munthu wokhala ndi ndalama yokwana tikiti imodzi amayenera kusankha ndithu, ndipo mkangano wakuti masewero opindulitsa kuonera ndi ati sutha. A rugby league amati kwawo ndalama yochepa imagula zambiri. Akunena zoona, koma si zoona zonse.

Tiyambe talongosola masewerowo, chifukwa rugby yomwe ambiri ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa amaidziwa ndi ya ma Springboks, ya osewera 15 mbali iliyonse. Imeneyo ndi rugby union. Rugby league inapatuka pa 29 Ogasiti 1895, pamene makalabu a kumpoto kwa England anakumana ku George Hotel mu Huddersfield n'kugwirizana zotuluka m'bungwe la Rugby Football Union. Nkhani inali ya ndalama. Osewera awo anali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, ndipo makalabuwo amafuna kumawabwezera malipiro a tsiku lomwe ajomba kuntchito chifukwa cha masewero, pomwe akuluakulu a bungwelo amakana. Atapatuka, makalabuwa anayenera kudzidyetsa okha kuchokera pa ndalama za pakhomo, choncho anayamba kusintha malamulo kuti wolipira aziona mpira ukuyenda. Mu 1906 anachepetsa osewera kufika pa 13. Chiyambireni, masewerowa akhala akukonzedwa poganizira munthu wolipira pageti, ndipo ndi pamenepa pomwe pagona mphamvu yake pa mkanganowu.

Ligi yaikulu ya masewerowa ku England imatchedwa Super League (dzina lofanana ndi lomwe ligi ya mpira wamiyendo ya ku Malawi inatchuka nalo, koma palibe ubale). Inayamba mu 1996, ndipo imaseweredwa kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala. Matimu ambiri ali m'mbali mwa msewu wa M62, womwe umachokera ku Liverpool kudutsa Manchester ndi Leeds kulowera cha ku Hull.

Mtengo wa pakhomo

Tikiti ya munthu wamkulu pa masewero wamba a Super League yakhala ikugwera pakati pa £20 ndi £35 m'mabwalo ambiri, malinga ndi malo okhala komanso timu yomwe yabwera. Kupatula masewero ochepa ngati a Wigan ndi St Helens pa Lachisanu Loyera kapena a Hull FC ndi Hull KR, tikiti imapezeka ngakhale tsiku lomwelo. Mumalowa pa intaneti, kusankha mpando, kulipira, basi.

Ku Premier League vuto limayamba musanafike n'komwe pa mtengo. Kumatimu akuluakulu, mipando yambiri ili m'manja mwa eni matikiti a chaka chonse. Yotsalayo amagulitsa kwa okhawo olembetsa umembala, womwe pawokha umadya mapaundi makumi angapo pachaka, ndipo umembalawo sukupatsani tikiti. Umangokulolani kulowa nawo pamzere kapena m'maere. Ambiri amalipira umembala chaka chonse osapeza mpando pa masewero omwe amawafuna, kenako amathamangira kwa mavenda a pa intaneti. Kumeneko n'komwe anthu amapsa. Lamulo la mu 1994 limaletsa kugulitsanso tikiti ya mpira wamiyendo popanda chilolezo cha kalabu, ndipo tikiti zambiri masiku ano zili pa foni, zolembedwa dzina la mwiniwake. Kalabu ikazindikira kuti tikiti yadutsa kumsika wakuseri imaithetsa, wogulayo n'kubwezedwa pageti, ndalama ya tikiti ndi ya sitima zonse zitapita.

Za mtengo weniweniwo, masapota akhala akudandaula kwa zaka. Mu Febuluwale 2016 masapota a Liverpool masauzande anatuluka mu Anfield pa mphindi ya 77, pa masewero ndi Sunderland, pokana tikiti ya £77. Eni timu anabweza ganizolo, ndipo chaka chomwecho Premier League inakhazikitsa kuti tikiti ya sapota wa timu yoyendera isapitirire £30. Koma lamuloli silikhudza masapota a pakhomo. Kumapeto kwa 2024 Manchester United inakweza tikiti zotsala za mamembala kufika pa £66, n'kuchotsa mtengo wotsika wa ana ndi okalamba.

Chiwerengero chimenechi chimamveka bwino mukachiyika pa maola a ntchito. Kuyambira mu Epulo 2025, malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £12.21 pa ola. Bambo, mayi ndi ana awiri pa £66 aliyense ndi £264, omwe ndi maola pafupifupi 22 a ntchito msonkho usanachotsedwe. Tiyerekeze banja lomwelo likupita ku rugby league komwe wamkulu akulipira £27 ndipo mwana £10. Zonse pamodzi ndi £74, maola 6. Apa palibe chokangana. Kwa banja lofuna kumaonera masewero a ligi yapamwamba ndi maso, rugby league yapambana kutalitali.

Koma kuyerekeza kumeneku n'kokondera, ndipo okonda rugby league amakukonda chifukwa chomwecho. Super League simafanana msinkhu ndi Premier League. Pa masewero a Premier League pamabwera anthu pafupifupi 40,000, pomwe a Super League amakhala cha m'ma 10,000. Pa kuchuluka kwa anthu, kukula kwa mabwalo ndi malipiro a osewera, anzake enieni a Super League ndi matimu a League One ndi ena a Championship, ligi yachitatu ndi yachiwiri ya mpira wamiyendo. Kumeneko tikiti ya pakhomo imayandikana kwambiri ndi ya rugby league, ndipo masamu a tikiti ya chaka chonse amatembenuka.

Tikiti ya chaka chonse ya Super League imakupatsani masewero 13 a pakhomo. Ya Premier League imakupatsani 19. Ya Championship, League One kapena League Two imakupatsani 23, chifukwa ligi iliyonse ili ndi matimu 24. Tiyerekeze mwalipira £300 ku rugby league: masewero aliwonse akugwera pa £23. Mwalipira £400 ku League One: akugwera pa £17. Tikiti yooneka yodula papepala ndiyo yotsika mtengo pa masewero amodzi. Ndipo pali makalabu a mpira wamiyendo m'dera lomweli omwe akhala akutsitsa mitengo mwadala kuti bwalo lidzaze. Bradford City inagulitsa tikiti ya chaka chonse pa £149 mu 2015, ndipo Huddersfield Town inalowa mu Premier League mu 2017 masapota ambiri atagula yawo pa £199.

Pali masamu enanso omwe anthu a ntchito za mashifiti, monga zosamalira okalamba ndi za m'zipatala, ayenera kuchita asanagule. Tikiti ya £300 pamene ya pakhomo ndi £27 imayamba kupindula mukafika pa masewero a nambala 12. Mukajomba atatu mwa 13, mwaluza £30. Kujombako n'kosavuta, poti a wailesi yakanema ndiwo amalamula tsiku. Masewero a Super League amaikidwa Lachinayi usiku, Lachisanu usiku, Loweruka kapena Lamulungu, ndipo a mpira wamiyendo nawo amasunthidwa kutangotsala milungu yochepa. Kumbukiraninso kuti masewero a chikho ndi achipulula a kumapeto kwa ligi kawirikawiri salowa m'tikiti ya chaka. Amenewo mumagula padera.

Mphindi zomwe mpira ukuyendadi

Mfundo yachiwiri ya a rugby league ndi yakuti kwawo nthawi sibedwa. Masewero a mpira wamiyendo ndi a mphindi 90, koma wotchi siima. Mu Premier League ya 2022/23 mpira umayenda mphindi pafupifupi 55 zokha. Zotsalazo zimathera pa kuponya mpira wotuluka, kukonza mpanda wa firiikiki, goloboyi kuchedwa dala, osewera kugudubuzika pansi ndi VAR. Chaka chotsatira oyimbira analamulidwa kuwonjezera nthawi yonse yotayika, masewero n'kumapitirira mphindi 100, koma mpira woyenda unangokwera kufika cha m'ma 58.

Rugby league ndi ya mphindi 80, zigawo ziwiri za 40, ndipo wotchi ili m'manja mwa osunga nthawi omwe amakhala pambali. Wina akavulala, kapena oyimbira akapempha thandizo la kanema, amakweza manja onse awiri m'mwamba ndipo wotchi imaima. Nthawi ikatha kumalira chilipenga, koma masewero amapitirira mpaka yemwe ali ndi mpira atagwetsedwa kapena mpira utatuluka. Kudzigwetsa kuti nthawi ithe kulibe phindu lenileni.

Kayendedwe kake ndi aka. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata 6. Wonyamula mpira akagwetsedwa, omugwetsawo amayenera kumusiya msanga, iye n'kudzuka, kuika mpira pansi ndi kuukankhira kumbuyo ndi phazi kwa mnzake. Zimenezi amazitcha play-the-ball ndipo zimatenga masekondi 3 kapena 4. M'masekondi omwewo otchinga onse, kupatula awiri oima pamaso pa wogwetsedwayo, ayenera kubwerera m'mbuyo mamita 10, kenako kuthamangiranso kutsogolo. Akagwetsedwa kasanu, timu imamenya mpira kutali kuti adani akayambire kumunsi kwawo, chifukwa kugwetsedwa kachisanu ndi chimodzi kumapereka mpira pamalo pomwepo. Kuika mpira kuseri kwa mzere wa adani, komwe amati try, kumapereka mapointi 4, kumenya pakati pa mitengo pambuyo pake 2, penate 2, ndipo drop goal, kugwetsa mpira pansi n'kuumenya pakati pa mitengo masewero ali mkati, 1. Mu 2019 Super League inabweretsa wotchi yokakamiza matimu kuyambiranso msanga pa scrum (pomwe osewera a mbali ziwiri amawerama n'kukolekana) ndi pa drop-out (pomwe timu imamenya mpira kuchokera pamzere wake). Mu 2020 inawonjezera lamulo lakuti otchinga akachedwetsa play-the-ball, oyimbira asaimitse masewero koma angolamula kuti mipata 6 iyambirenso.

Zotsatira zake n'zakuti mphindi khumi zikhoza kudutsa mluzu osalira, amuna olemera makilogalamu opitirira 100 akuwombana masekondi angapo alionse. Muli pafupi ndi mzere, kuwombanako mumakumva ndi makutu, ndipo ichi kanema sangakupatseni. Komabe nayo ili ndi nthawi yake yotayika. Try iliyonse imatsatana ndi kukonzekera kumenya pamitengo, ndipo oyimbira wa pakanema, yemwe Super League inayamba naye mu 1996, zaka 23 VAR isanafike mu Premier League, nthawi zina amabwereza chithunzi chimodzi kambirimbiri. Ubwino wake ndi wakuti zomwe akuonazo zimaonetsedwa pa sikirini ya m'bwalo ndipo chigamulo chimatuluka aliyense akuona.

Mlendo amene sanauzidwe chilichonse amatuluka akunena kuti waona zinthu zobwerezabwereza: kuthamanga kasanu, kumenya mpira, anzawo kuthamanga kasanu, kumenya mpira. Ndalama ya tsiku limenelo imamuwawa. Choyenera kuyang'ana si wonyamula mpira yekha ayi. Yang'anani liwiro la play-the-ball. Ikachitika msanga otchinga asanafole, wovala nambala 9 amatola mpira n'kudumphira pampata, ndipo mamita 10 aliwonse opezeka motero amatopetsa adani. Yang'anani nambala 6 ndi 7, omwe amakonza mizere ya othamanga onamizira, ndi nambala 1 amene amatulukira kumbuyo kwa mzerewo. Pa ulendo woyamba khalani m'mwamba cha pakati pa bwalo kuti muone mizere yonse iwiri. Kuseri kwa mitengo n'kotsika mtengo ndipo mipata imaoneka bwino ikamatseguka, koma zochitika kumapeto enawo simuziona.

Kutsika mtengoku kumachokera kuti

Tikiti ya rugby league ndi yotsika chifukwa masewerowa ndi osauka. Mgwirizano wa Premier League ndi mawailesi akanema a mu United Kingdom mokha, wa zaka zinayi kuyambira 2025, ndi wa £6.7 biliyoni. Super League imalandira £40 miliyoni pachaka kuchokera ku Sky Sports mpaka 2021, ndipo m'migwirizano yotsatira ndalamayo inatsika kufika pafupi ndi theka. Timu yothera pansi penipeni pa Premier League imatenga ndalama zopitirira £100 miliyoni, kuposa zomwe matimu onse a Super League amagawana.

Pofuna kuti makalabu asadziphe ndi ngongole, Super League inaika malire a malipiro: £2.1 miliyoni pachaka ya osewera onse a timu, kupatula akatswiri ochepa omwe gawo lina la malipiro awo silimawerengedwa. Katswiri wa Premier League wolandira £300,000 pamlungu amakwanitsa ndalama imeneyo m'milungu 7. Malirewa amathandiza kuti tikiti isakwere, koma woonera amalipira m'njira ina. Ligi ya NRL ya ku Australia ili ndi ndalama zambiri, ndipo imatenga osewera abwino a ku England. Sam Burgess anachoka ku Bradford kupita ku South Sydney mu 2010, James Graham anachoka ku St Helens kupita ku Canterbury mu 2012, ndipo anyamata ngati Herbie Farnworth ndi Dom Young anatchukira konko. Wolipira £66 ku Premier League akuona ena mwa osewera apamwamba padziko lonse. Wolipira £27 ku Super League akuona ligi yachiwiri padziko pa masewero ake. Ndi ligi yabwino ndithu, koma kusiyana kumeneku kuyenera kulowa m'masamu.

Umphawiwu umafika mpaka pabwalo. Mu Febuluwale 2025 Salford Red Devils, itapanikizika ndi mavuto a zachuma, inatumiza anyamata ongoyamba kumene kukasewera ndi St Helens, n'kugonja 82-0. Amene analipira tsiku limenelo sanaone mpikisano. Chaka chonsecho timuyi imagulitsa osewera ndi kubwereka ena, ndipo mu Disembala khoti linalamula kuti kampani yake ithetsedwe. Bradford Bulls, yomwe inatenga ligi kanayi pakati pa 1997 ndi 2005, inathetsedwa mu Januwale 2017 n'kuyambanso mwatsopano. Mpira wamiyendo wa m'maligi apansi nawo sunapulumuke: Bury inachotsedwa mu ligi mu 2019, ndipo Wigan Athletic inalowa m'manja mwa oyendetsa makampani ogwa mu 2020. Kalabu ikagwa, mwini tikiti ya chaka amakhala kumapeto kwa mzere wa ofuna ndalama zawo. Njira yodzitetezera ndi kulipira mwezi ndi mwezi, kapena kugula ndi khadi la ngongole, chifukwa gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act limachititsa kuti kampani ya khadiyo isenze nawo mlandu pa chinthu chopitirira £100.

Ngakhale popanda mavuto a ndalama, rugby league ili ndi chilema chimodzi chochokera m'malamulo ake. Timu ikagoletsa, yogoletsedwayo ndiyo imamenya mpira pakati kupereka kwa omwe agoletsawo. Kutchinga n'kotopetsa kuposa kuthamanga ndi mpira, choncho timu yofooka imagwira ntchito yowirikiza, miyendo imalemera, mipata imatseguka, ndipo try imabala try ina. Zigoli za 40 kapena 50 kwa 6 si zachilendo, ndipo masewero ena amakhala atatha pofika nthawi yopuma. Mu mpira wamiyendo zigoli n'zosowa, choncho timu yaing'ono ikhoza kutseka pakhomo mphindi 89 n'kuba chigoli chimodzi. Tauni ya Wigan inaona zonse ziwiri m'chaka chimodzi. Mu 2013 Wigan Warriors inatenga Challenge Cup, chikho chachikulu cha rugby league, ndi Grand Final, fainolo yopezera katswiri wa Super League, zomwe kwa timu ya mbiri yake sizinadabwitse anthu. Chaka chomwecho Wigan Athletic inagonjetsa Manchester City 1-0 mu fainolo ya FA Cup ndi chigoli cha mutu cha Ben Watson chakumapeto, n'kutuluka mu Premier League patangopita masiku atatu. Chiyembekezo chakuti chilichonse chingachitike n'chimodzi mwa zomwe sapota wa mpira wamiyendo amagula, ndipo 0-0 wotopetsa ndiwo mtengo wake. Ku Super League, kuyambira 2019, matimu akafanana mphamvu amawonjezera mphindi 10 ndipo woyamba kugoletsa ndiye wapambana.

Malire a malipiro sanabweretsenso kusinthana ukatswiri komwe anthu amayembekezera. Kuyambira 1996 mpaka 2024 ligi inatengedwa ndi matimu anayi okha: St Helens, Wigan, Leeds ndi Bradford. Hull KR inakhala yachisanu mu 2025 itagonjetsa Wigan 24-6 pa Old Trafford. Premier League, yopanda malire a malipiro, inali itatengedwa ndi matimu 7 pofika chaka chomwecho, kuphatikizapo Blackburn ndi Leicester.

Kumunsi kwa tebulo nako kuli nkhani. Mu mpira wamiyendo matimu atatu amatuluka mu Premier League chaka chilichonse, ndipo nkhondo yothawa kutuluka imadzaza mabwalo mpaka mlungu womaliza. Rugby league, itagwirizana ndi kampani ya IMG mu 2022, inasintha n'kuyamba kupereka magiredi, omwe ndiwo amasankha makalabu okhala mu Super League. Kalabu imayesedwa pa mapointi 20, ndipo zochitika pabwalo zimapereka 5 okha. Otsalawo amachokera ku chuma, bwalo, kuchuluka kwa masapota ndi dera. London Broncos inalowa mu Super League ya 2024 ikudziwiratu kuti giredi yake siyilola kukhalamo ngakhale itasewera bwanji. Cholinga chake n'chomveka, kuti makalabu azimanga maziko m'malo mobetcha ndalama zonse pa osewera. Koma kwa wogula tikiti, masewero a mu Ogasiti a matimu awiri apansi amakhala opanda cholimbirana. Ife timaona kuti pamenepa masewerowa anadzichotsera okha mbali ina ya malonda awo.

Dandaulo lina linali la kubwereza. Pamene ligi inali ndi matimu 12, kukumana kawiri ndi timu iliyonse kumapereka masewero 22 okha, choncho amawonjezera ena kuti akwane 27, ndipo matimu ena amakumana katatu mu ligi, kenako m'chikho, kenako m'chipulula. Mu 2026 matimu anakwera kufika pa 14, Bradford itabwerera komanso York ndi Toulouse zitalowa, ndipo kubwerezako kunachepa kwambiri. Koma tsopano matimu a ku France ndi awiri, Toulouse ndi Catalans Dragons ya ku Perpignan. Kuwatsatira kumafuna ndege ndi malo ogona, ndipo akabwera ku England amabwera ndi masapota ochepa, mbali ina ya bwalo n'kukhala pululu.

Zomwe sizilembedwa pa tikiti

Pa masewero a mpira wamiyendo a maligi apamwamba, lamulo la mu 1985 limaletsa kumwa mowa pamalo pomwe mukuona bwalo. Anthu amapanikizana m'makonde pa nthawi yopuma, kumwa mothamanga. Masapota a matimu awiri amalekanitsidwa ndi apolisi ndi alonda, ndipo wovala jezi ya alendo pakati pa eni bwalo amatulutsidwa. Ngozi ya ku Hillsborough ya mu 1989, yomwe inapha anthu 97, inachititsa kuti mabwalo a maligi awiri apamwamba akhale a mipando yokhayokha, ndipo kuimirira kunaloledwanso mu 2022 m'malo okonzedwa mwapadera. Ku rugby league malo oimirira sanathe. Alipo ku Headingley ku Leeds, ku Wheldon Road ku Castleford, ku Warrington ndi ku St Helens, ndipo ndiwo otsika mtengo. Munthu amaonera atagwira chakumwa chake, ndipo m'mabwalo ambiri masapota a mbali ziwiri amalowera misewu imodzi popanda mpanda wa apolisi. Kutukwana kulipo, makamaka kolunjika kwa oyimbira, koma kholo lotenga mwana wa zaka 7 limakhala ndi nkhawa yochepa. Masewero akatha osewera amazungulira bwalo kujambulitsa ndi ana, chinthu chomwe ku Premier League n'chosowa.

Nyengo nayo imathandiza. Gawo lalikulu la ligi ya rugby limagwera m'chilimwe cha ku England, dzuwa likulowa cha m'ma 9 koloko usiku, pomwe mpira wamiyendo umadutsa m'chisanu cha Disembala ndi Januwale. Mu Juni ndi Julayi maligi a mpira wamiyendo amakhala pa tchuthi, choncho munthu akhoza kulawa rugby league osataya kalikonse ku timu yake. Maulendo ambiri ndi aafupi: Wigan, St Helens, Leigh ndi Warrington zayandikana, chimodzimodzi Leeds, Castleford ndi Wakefield. Chosamala ndi masewero a Lachinayi ndi Lachisanu oyamba 8 koloko usiku. Amatha cha m'ma 10 koloko, ndipo sitima zochokera m'matauni ang'onoang'ono zimachepa nthawi imeneyo. Mukaphonya yomaliza, takisi imadya zonse zomwe munapulumutsa pa tikiti. Onani ndandanda ya sitima musanagule.

Pomwe rugby league imapereka zambiri kuposa pena paliponse ndi pa masiku ake akuluakulu. Magic Weekend, yomwe inayamba ku Cardiff mu 2007 ndipo yachitika kambiri pa St James' Park ku Newcastle, imasonkhanitsa matimu a ligi pabwalo limodzi, ndipo tikiti ya tsiku limodzi imakuonetsani masewero atatu kapena kuposerapo motsatizana. Kuyambira 2023 fainolo ya amayi ya Challenge Cup imaseweredwa pa Wembley tsiku limodzi ndi ya abambo, pa tikiti imodzi. Grand Final ya pa Old Trafford, yomwe mu 2015 inasonkhanitsa anthu 73,512, matikiti ake amagulitsidwa kwa aliyense miyezi yambiri isanachitike. Fainolo ya FA Cup, munthu wopanda tikiti ya chaka ya imodzi mwa matimu awiriwo ndi mbiri yoyenda nayo, sangaiyandikire pa mtengo wake weniweni. Kwa wofuna kulowa mu Old Trafford yodzaza usiku wa chikho, Grand Final ndiyo njira yotsika mtengo.

Kwa oonera pa kanema zinthu zimasiyana pang'ono. Ku United Kingdom masewero a mpira wamiyendo saonetsedwa pakati pa 2:45 ndi 5:15 masana Loweruka, ndipo a Premier League oonetsedwawo agawidwa pakati pa Sky Sports ndi TNT Sports, kutanthauza kulipira kuwiri. Zaulere za ligiyi ndi zidule zokha, monga za pa pulogalamu ya BBC ya Match of the Day. Super League, kuyambira 2024, masewero ake onse ali pa Sky, ena amaonetsedwa pa BBC, ndipo Challenge Cup nayo ili pa BBC kwa aliyense wolipira laisensi ya kanema. Komabe wolipira Sky amapeza mpira wamiyendo wochuluka kwambiri pa ndalama yomweyo. Kwa ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete funsoli silivuta n'komwe: Premier League ili pa SuperSport ndi m'nyumba zoonetsera mpira, anzako okambirana nawo ali paliponse, pomwe rugby league imafuna kuisaka pa intaneti ndi bandulo yako.

Ndiye kwa wokhala ku Leeds, Manchester, Hull kapena matauni ozungulira, amene akufuna kumapita kubwalo ndi banja kangapo pachaka, rugby league ndiyo yopindulitsa, makamaka akamagula tikiti imodziimodzi ndi kusankha masewero a matimu oyandikana mphamvu. Tebulo la ligi likuuzani: pewani masewero a timu ya pamwamba ndi ya pansi, funani a matimu olimbirana malo 6 oyambirira kapena a matauni oyandikana. Kwa wokhoza kupezeka Loweruka lililonse ndipo akufuna masewero ambiri pa paundi iliyonse, tikiti ya chaka ya League One kapena League Two imaposa. Premier League, pa masamu okhaokha, ndiyo yomalizira, koma amene wakula akuchemerera Manchester United kapena Liverpool kuyambira ali mwana ku Ndirande sakugula mphindi za mpira woyenda, ndipo masamuwa sangamusinthe maganizo. Ameneyo alembetse umembala ligi isanayambe, ayang'ane masewero a Carabao Cup a pakati pa mlungu omwe matikiti ake amatsika mtengo ndi kupezeka mosavutirapo, ndipo agule kudzera ku kalabu yokha.